Gologolo ndi Nkhalango ya a Dokowe

Padangokhala. Amene muli nane vomerani, amene mukusinza musadzandifunse mawa kuti zidatha bwanji, chifukwa nkhani iyi oiyamba ndi ambiri koma oifikitsa kumapeto tilipo ochepa.

Padali a Dokowe, mbalame ya miyendo ngati nsungwi, amene adatopa ndi kutola achule n'kuganiza zokhala bwana. Adatsegula kampani yonyamula nyama mumlengalenga. Ankamangirira madengu pamsana pa abale awo, nyama zing'onozing'ono n'kukwera, ulendo wa masiku anayi wapansi n'kutha dzuwa lisanapendeke. A Fulu, amene kale ankafika pamaliro anzawo atasesa kale, tsopano ankafika uthenga usanamalize kuzungulira mudzi.

Koma dokowe wosenza dengu sanyamuka ndi mapiko okha. Pabwalo lonyamukira ankasonkha chimoto cha nkhuni, mpweya wotentha n'kumakankha mbalamezo kupita kumwamba. Ulendo uliwonse, mtengo pansi. Utsi udali wosaneneka, moti ana a nyama ankaphunzira kutsokomola asanaphunzire kuyamwa.

Nyama zitayamba kung'ung'udza, a Dokowe sadachepetse moto. Adalemba ntchito a Birimankhwe kuti akhale mneneri wa kampani, komanso loya wake. Bambo ameneyu akafuna kuyankhula za mitengo ankayamba wasanduka wobiriwira mpaka kunsonga ya mchira, womumvera n'kumaona ngati tsamba lenileni likumulangiza. Iyeyu ndiye adabwera ndi nzeru yoti wokwera aliyense azipatsidwa njere ya mtengo yokulunga m'tsamba, yomanga bwino ndi luzi, kuti akafika pakati pa ulendo aiponye pansi. Adapekanso nyimbo. Nyimboyo inkati wokwera dokowe ndi mlimi wa nkhalango, njere iliyonse ndi mtengo, ndipo utsi umene ukukutsamwitsa lero ndi mthunzi wa zidzukulu zako. Mmodzi ankatsogolera, okwera onse n'kuvomera kawiri, ndipo pa kuvomera kwachiwiriko timitolo ta masamba tinkagwa ngati matalala.

Nyama zinkatsika m'madengu zitatukumula zifuwa, zikupatsana moni ngati zikuchokera kumunda. Ngakhale a Kanyimbi, amene chibadwire sadagwirepo khasu, adayamba kudzitcha mlimi.

Tsono pafupi ndi bwalo lija padatsala mtengo umodzi wa bwemba, ndipo m'mphako mwake munkakhala Gologolo, mayi wa ana atatu, amene anzake ankamutchula kuti Nachisale. Mtengowo adabzala ndi amayi ake, ndipo iye adabadwira momwemo. M'mawa wina akutsika adapeza a Birimankhwe akupaka phulusa kuzungulira thunthu, chizindikiro choti mwezi watsopano ukaoneka nkhwangwa ifika.

"Kodi achimwene, nyumba yanga yadwala chiyani kuti muziipaka mankhwala?" adafunsa Nachisale.

"Mayi, sangalalani," adatero a Birimankhwe akubiriwira. "Mtengo wanu wasankhidwa. Udzanyamutsa madengu khumi ndi awiri, ndipo m'malo mwake mudzamera mitengo zana."

"Idzamera kuti?"

"Ikumera kale."

"Ndafunsa kuti kuti. Ndikufuna ndikasankhiretu mphako, ana anga ndi atatu."

"Funso lanu ndi labwino kwambiri, mayi, ndipo kampani yalilandira ndi manja awiri," adatero, diso limodzi lili pa Nachisale, lina likufunafuna njira yobwerera.

Nachisale sadali mayi wolirira kuseri kwa chitseko. Tsiku lomwelo adakasuma kukhoti kuti nyimbo ya kampani ndi yabodza, ndipo mtengo wake usadulidwe chifukwa cha bodza.

Woweruza adali a Nang'omba, mbalame yakuda ya kukhosi kofiira, ya mawu ngati ng'oma ya pachikwati. Adali mbalame ndithu, koma kuuluka ndi mapiko awo ankakuona ngati ntchito ya anyamata. Ankakwera dengu lakutsogolo, la khushoni ya thonje, ndipo palibe adawafunsapo tikiti. Musaganize zoipa. Zidangochitika choncho.

Tsiku loyamba la mlandu Nachisale adaimirira, n'kutembenuka kuti khoti lione mchira wake.

"Bwana woweruza, mchira uwu udali wofiirira, anyamata ankasochera nawo njira. Lero taonani, ukukhala ngati chotsukira mphika. Umenewu ndi mwaye wa a Dokowe. Iwo akuti ndi mthunzi wa zidzukulu zanga."

A Birimankhwe adayenda pang'onopang'ono kufika pakati, n'kuyang'ana khamu la nyama.

"Abale anga, utsi ukafuka umapita kuti?"

"Kumwamba!"

"Mitambo imakhala kuti?"

"Kumwamba!"

"Nanga mvula imachokera kuti?"

"Kumwamba!"

"Bwana woweruza, mwadzimvera nokha. Mayi awa akusumira mvula."

Khamu lidaomba m'manja uku likutsokomola. Wina adayambitsa nyimbo ija, onse n'kuvomera kawiri, ndipo a Nang'omba adaiwala kuti ali pa mpando, mutu wawo n'kumatsatira nyimboyo. Adagamula kuti nkhani ya utsi ilibe mutu, koma poti mwezi watsopano udali usanaoneke, mayiyo abwerenso ngati ali ndi china.

Adabweranso.

"Bwana woweruza, nyimbo iyi aimba zaka zisanu. Mtengo wa zaka zisanu subisika m'thumba. Ndikupempha khoti lipite likaone nkhalangoyo ndi maso."

A Dokowe adaseka, khosi n'kumagwedera. "Palibe vuto, khoti lonse likwere mawa. Ndi mayi omwewa akwere, mwina mutu ungawapepukeko."

M'mawa mwake adagwetsa mkuyu wa a Changa, oyandikana ndi Nachisale, kuti moto wa ulendo wokaona mitengo uyake bwino. Nachisale adali asanakwerepo dengu. Mbalame itangoti nyamu, mtima wake udatsalira pansi. Adakakamira m'mphepete mwa dengu ndi manja onse awiri, mchira utaima ngati tsache. Kakowa, mtsikana wa yunifolomu yoyera amene ankasamalira okwera, adamubweretsera kamtolo kake ka njere.

"Landirani, amayi."

"Ndilandire ndi chiyani, mwanawe? Sukuona kuti manja ali pa ntchito? Ndiike pakamwa."

Kakowa adamuika kamtoloko pakamwa, n'kupitirira.

Atafika kutali, a Birimankhwe adaloza pansi. "Bwana woweruza, zobiriwira mukuonazo. Yonseyo ndi nkhalango yathu."

Nachisale adasuzumira ndi diso limodzi, n'kuyankhula kamtolo kali kutsaya. "Amenewo ndi manda a anyani! Mitengo imeneyo idalipo amayi anga asanabadwe. Ilipobe chifukwa nkhwangwa yanu imaopa mizimu. Titsike tikafunse eni ake."

"Kulibe bwalo loterapo," adatero a Birimankhwe. "Komanso si ulemu kusokoneza ogona."

"Khoti laona zobiriwira," adatero a Nang'omba, maso ali tsinzi, mutu uli pa khushoni.

Pomwepo nyimbo idayamba. Pa kuvomera kwachiwiri onse adaponya timitolo tawo, mbalame n'kupendekeka kuti ikhote. Nachisale adakukuta mano ndi mantha, ndipo mkamwa mudamveka kuti khwa! Mano adaboola tsamba n'kuswa njere.

Idali njere ya bwemba. Koma idali yokazinga. Yokazinga bwino lomwe, ya mchere wake pang'ono.

Mantha onse adathera pomwepo. Adatsegula pakamwa kuti akuwe, n'kutsekanso. Akadakuwa, mawa lake a Birimankhwe akadabwera kukhoti ndi dengu la njere zaziwisi, iye n'kusanduka wamisala. Adameza njereyo pamodzi ndi mawu ake.

Atatera adasendera kwa Kakowa. "Timitolo tanu ndi tokongola. Amakonza ndani?"

"Kukulunga timakulunga ndife, koma njere amakonza bwana okha. Salola wina kugwirapo."

Kenaka adapita kwa a Dokowe, manja ali kumbuyo. "Bwana, inu mudayamba mwabzalapo mtengo pansi, ndi dzanja?"

"Ine? Ndi msinkhu uwu ndiziwerama? Zokumba maenje ndi zachikale, mayi. Kubzala kwamakono ndi kuponya."

Nachisale adathokoza mwaulemu. Adadziwa tsopano kuti bodza la kampaniyi lidali ndi eni ake awiri: a Birimankhwe odziwa zonse, ndi a Dokowe osadziwa kuti njere yokazinga siimera. Ntchito idali yongowalekanitsa.

Masiku awiri otsatira, aliyense wodutsa pa mtengo wa bwemba ankamva Nachisale akuimba nyimbo ya kampani, kutsogolera yekha, kuvomera yekha kawiri konse, ndi mawu omveka mpaka kubwalo. A Changa, amene tsopano ankagona m'tchire, adamulavulira malovu. Iye adangokweza mawu.

Tsiku lachitatu adakagwada pamaso pa a Dokowe.

"Bwana, ndidalakwa. Kusayenda ndi matenda. Ndakwera, ndaona, ndagonja. Ndikufuna ndikathetse mlanduwu pagulu, pansi pa mtengo wanga womwewo, kuti onse amene ndidawasokoneza amve. A woweruza abzale njere yanu imodzi ya chikumbutso. Ndipo a Birimankhwe, amene adanditsegula maso, akhale pampando waulemu, pa nthambi ya pamwamba penipeni, kuti khamu lonse lione mmene amabiriwirira."

A Dokowe adakondwa mpaka kugogoda mlomo. A Birimankhwe adakayikira pang'ono, koma ulemu ndi wokoma. Adayamba kukwera m'mamawa, ndipo ndi kayendedwe kawo kaja, kakuponda kamodzi n'kuganiza kawiri, adafika pansonga dzuwa lili pamutu.

Nyama zidasonkhana. Nachisale adakumba kadzenje ndi manja ake, n'kupempha a Nang'omba kuti asankhe okha kamtolo kamodzi m'dengu limene linkayembekeza kunyamuka. Adasankha. Ndiye Nachisale adagwadanso.

"Bwana woweruza, ndisanathetse mlandu ndili ndi kapempho kamodzi, ka mayi. Ana anga akundifunsa kuti tikakhala kuti. Ndikufuna ndiwalozere kamtengo n'kuwauza kuti nyumba yathu ndi iyo ikubwerayo. A Dokowe alumbire pano kuti nkhwangwa idzakhudza mtengo wanga tsiku limene njere iyi idzamere. Lisanafike tsikulo, ayi."

A Dokowe adapendeketsa mutu. "Njere imatenga masiku angati?"

"Zathu za amphawi zimatenga masiku khumi. Zanu, bwana, ndikukhulupirira atatu."

A Dokowe adawerenga mumtima. Mwezi watsopano udali kutali kuposa pamenepo.

"Ikamera mkuja, ndidula mkuja?"

"Mudule mkuja. Nkhwangwa ndidzanola ndine."

Pamwamba paja a Birimankhwe adamva. Kubiriwira kudachoka, adayera, adachita chikasu, adada bii. Adayamba kutsika uku akukuwa, koma Nachisale adali atayambitsa kale nyimbo ya kampani, khamu lonse n'kuvomera kawiri ndi mphamvu zonse, ndipo mawu a loya adamira m'nyimbo imene adapeka yekha.

Mwa mwambo wa khoti limenelo, wolumbira ankakweza mwendo umodzi. A Dokowe adaukweza mpaka kuubisa m'nthenga.

"Ndikulumbira pali amayi anga amene ali kumanda, ndi pamaso pa khoti lino. Mtengo uwu sudzadulidwa mpaka njere iyi itamera!"

"Khoti lamva," adatero a Nang'omba. Adamasula luzi, adafunyulula tsamba, n'kuima kaye. "Koma ikununkhira bwino njereyi."

"Eetu, bwana woweruza," adatero Nachisale, nkhope ili ngati ya mwana wa Sande sukulu. "Zathu sizinunkhira chonchi. Bwana Dokowe, tiphunzitseniko ife osadziwa. Mumazitani?"

A Dokowe adatambasula mapiko. Funso limeneli adaliyembekeza zaka zisanu.

"Mvetserani, muphunzire. Chaka choyamba tidaluza kwambiri. Tidasunga njere m'nkhokwe, mvula itagwa zonse zidaonongeka. Zidatupa, zidang'ambika, zidatuluka timichira toyera tonyansa. Tidataya zonse. Ndiye ine, ndi mutu wanga uno, ndidapeza mankhwala ake. Ndimazikazinga pa moto wa pabwalo, n'kuwaza kamchere kuti nthaka izilandire mokondwa. Kuchokera tsiku limenelo, palibe njere ndi imodzi yomwe imene idatulukanso kamchira!"

Ngakhale otsokomola adasiya.

A Fulu ndiwo adatulutsa khosi. "Pepani bwana, makutu angawa ndi akale. Mwati zimene takhala tikuponya zaka zonsezi..."

"Zonse!" adatero a Dokowe monyadira. "Palibe yaiwisi ndi imodzi yomwe. Kampani yathu sichita zinthu mwachidule."

Mbewa ina ya kumunda idayamba kuseka, kenaka a Nungu, kenaka khamu lonse lidagwa pansi, ena akulira misozi, ena akutukwana. A Changa adafunsa za mkuyu wawo. A Kanyimbi, mlimi uja, adakwiya kwambiri moti oyandikana nawo adasamuka msangamsanga.

Nthawi imeneyo ndi imene a Birimankhwe adafika pansi, thukuta lili kamukamu. Adakwera mwendo wa a Dokowe, adakwera khosi, n'kufika pakhutu.

"Bwana," adanong'ona, "musalumbire."

Atauzidwa chimene chikuseketsa nyama, a Dokowe adayamba kukana. Kenaka adapempha kuti abweretse njere ina.

"Ina ya chiyani, bwana?" adafunsa Nachisale. "Nyimbo yanu imati njere iliyonse ndi mtengo. Ndaiimba masiku awiri, ndikuidziwa kuposa mwini wake. Kapena ndiitsogolerenso, anzanga avomere?"

A Birimankhwe adayesa kubiriwira kuti ayankhe, koma mtundu udakana kubwera.

Maso onse adapita kwa a Nang'omba. Kukhosi kwawo kudafiira kuposa masiku onse. Si chilungamo chimene chidawagwira, musanamizidwe. Bamboyu adali atauza akazi awo, apongozi awo ndi aliyense wowapatsa moni kuti iwo okha abzala mitengo mazana awiri ali chigonere pa khushoni. Tsopano zidaoneka kuti zaka zisanu ankangodyetsa nyerere za m'mayiko a eni.

Adaponya njere ija m'kadzenje, adakwirira ndi phazi, n'kugamula ndi mawu a ng'oma aja: lumbiro ndi lumbiro. Mtengo wa bwemba uima mpaka njere imeneyo, osati ina, itamera. Nyimbo nayo ikhale chete mpaka tsiku lomwelo, ndipo woiimba adzamangidwa, ngakhale woing'ung'udza posamba.

Nachisale adatenga madzi n'kutsuka phulusa pa thunthu, khamu likuonerera. Atamaliza adatsukanso mchira.

Musaganize kuti kampani idatsekedwa. Sabata isanathe a Birimankhwe adali atapeka nyimbo ina, yonena kuti kampani ikuyesetsa, ndipo ikuganizira mozama zoyesetsa kwambiri chaka chamawa. Imeneyo khoti lidalephera kuigwira, poti siinkalonjeza kanthu. A Fulu adakweranso, poti maliro sadathe. A Nang'omba okha ndiwo adalandidwa khushoni, n'chifukwa chake mpaka lero mumawaona akuyenda pansi, akudandaula ndi mawu a kukhosi.

Koma a Dokowe sadakhulupirire kuti nzeru yawo ingalephere. Mkuja wake adabwera kudzaona kadzenje kaja. Adabweranso tsiku lakhumi. Mpaka lero mvula ikangoyamba amatulukira, n'kuima mwendo umodzi uli m'mwamba monga adalumbirira, maso ali pansi, kudikira kamchira kamene adakathetsa okha.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" amawafunsa Nachisale ali pa nthambi. "Kodi yamera? Limbani mtima. Mwina mchere udachepa."

Chinthu chimodzi chokha ndicho chimamusowetsa mtendere mayiyu. Mtengo wake umabala, ndipo njere zake ndi zaziwisi. Imodzi itangogwera pa kadzenje paja n'kumera, a Birimankhwe adzafika ndi mboni khumi, nkhwangwa ili pambuyo. Ndiye m'mawa uliwonse amatsika, amatola njere iliyonse imene yagwa, n'kuthamanga nayo kutali kukaikwirira kumene a Dokowe sangaione. Zambiri amaiwala pamene adaziika. Kumeneko kwamera mitengo yoti a Changa adapezako kale nyumba, ndipo palibe adaiimbirapo nyimbo.

Yanga yathera pamenepa. Amene mudakwirira mbatata paphulusa kaphuleni mudye, koma ikapsa musabwere nayo kwa ine kuti tikabzale.